Waya wa Pansi pa Kapeti

1. Katoni yochokera kutali

Mtsikanayu aliyense ankamutchula kuti Kamphepo, poti m'nyumba sankayenda ngati anzake. Ankangodutsa, makatani n'kutsala akugwedezeka. Anali ndi zaka khumi ndi zinayi, ndipo ankakhala ndi agogo ake aakazi m'kanyumba ka kuseri kwa sitolo ya nsapato.

Mayi ake anali kunja kwa dziko, kumene ankasamalira nkhalamba ya eni ake. Chinali chaka chachitatu chichokereni. Ankaimba pa kompyuta Lamlungu limodzi pa masabata awiri alionse, folo koloko yeniyeni, mabwana awo akawapatsa mpata wa theka la ola. Ikaitana kawiri osayankhidwa, ankabwerera ku ntchito, ndiye kuti mpaka masabata ena awiri.

Vuto linali kasipika ka kompyutayo. Kankalira ngati ntchentche yotsekeredwa m'botolo. Mayi akangonena mawu awiri, agogo ankagwira khutu.

"Akuti chiyani?"

"Akufunsa ngati mukumwa mankhwala."

"Umuuze kuti ndikumwa. Nanga pano akuti chiyani?"

Theka la ola lonse linkathera pa "akuti chiyani".

Ndiye Lachisanu lina woyendetsa lole anatula katoni pakhomo. M'katimo munali masipika asanu ndi imodzi: asanu aang'ono ngati makapu a tiyi, ina yaikulu ngati ndowa. Pamwamba panali kakalata ka mayi ake: "Mabwana agula atsopano, awa amafuna kutaya. Agogo ako azindimvako bwino."

Munalinso pepala la zithunzi. Kamphepo analiyala patebulo. Papepalapo panajambulidwa munthu atakhala pakati pa chipinda, masipika atatu kutsogolo kwake, awiri kumbuyo.

Kumbuyo.

Mtsikanayo anatembenuka pang'onopang'ono. Kukhoma la kumbuyo kwa tebulo lake kunali makina osokera a mayi ake, ovundikiridwa ndi nsalu, ndi mpando wake umene panalibe anakhalapo zaka zitatu. Kale akamalemba za kusukulu, mayi ake ankasoka pomwepo. Sankafunika kucheuka kuti adziwe kuti alipo. Ankangomva makina akuima, kenako mawu: "Wongola msana, iwe."

Chichokereni, mawu a mayi ake ankabwera kutsogolo basi, pa sikirini, ngati a munthu wowerenga nkhani. Iye ankawafuna kumbuyo, kumalo kwawo.

2. Agogo aona mawaya

Agogo anatuluka kukhitchini akupukuta m'manja. Ataona mawaya atapiringizana pansi, anaima patali ngati aona chisa cha mavu.

"Mayo ine! Zonsezi n'zolowa m'nyumba muno?"

"N'zoti muziwamva bwino Amayi, Agogo."

"Kumva munthu mmodzi mpaka pakamwa sikisi? Mayi ako ndinamubereka ndi pakamwa pamodzi, ndipo panali pokwanira kudzutsa mzere wonsewu."

Kamphepo anaseka. Agogo sanaseke. Anakhala pampando wawo, n'kuyamba.

"Tamvera, mwana wa mwana wanga. Ine sukulu sindinaiponde. Zolemba za papepala lakolo kwa ine ndi nyerere zimene zasochera. Koma waya ndikumudziwa. Usamugwire ndi manja onyowa. Kukachita mdima wa mvula, uzule zonse kukhoma, usadikire kugunda koyamba. Ukamva kafungo ka pulasitiki wopsa, usayambe kununkhiza uku ndi uku ngati galu, thamangira pozimitsira magetsi. Zimenezo ndanena, koma si zimene zikundidya mtima.

"Chikundidya mtima ndi mapazi angawa. Iwe umaganiza kuti ndimaona? Maso anatha kale awa, ndimangoona zinthu ngati zili m'nthunzi ya madzi owira. Nyumba ino ndimayenda ndi mapazi. Kuchoka pakhomo la khitchini kufika pampando pano ndimaponda kasanu ndi kanayi, ndipo mwendo wamanzerewu sindiunyamula, ndimaukoka. Chilichonse chatsopano chimene chagona panjirapo ndi mdani wanga.

"Ukuwakumbuka amayi aja tinkachapa nawo zovala kuhotela, aja ankakupatsa masiwiti a m'thumba la apuloni? Sanadwale ayi. Anakodwa ndi chingwe cha ayironi chimene mdzukulu wawo anasiya pansi, akuti angothamanga kaye kukatsegula geti. Fupa la m'chiuno linathyoka. Anagona miyezi isanu ndi iwiri akuyang'ana denga, ndipo pabedipo sanatsikenso ndi miyendo yawo. Inu ana mukagwa mumadzuka n'kusasa fumbi. Ife tikagwa, amachita kutinyamula.

"Ndiye ika zinthu zakozo pamene ukufuna. Upachike kudenga, umangirire pawindo, zako zimenezo. Koma panjira yanga pasagone waya. Wandimva?"

"Ndamva, Agogo."

"Wamva ndi makutu kapena ndi mutu?"

"Ndi zonse."

Anayankha msanga kwambiri. Mwana akayankha msanga chotero, dziwani kuti mtima wake uli kale kwina.

3. Waya wamfupi

Loweruka m'mawa Kamphepo anagwada kuseri kwa tebulo, pepala la zithunzi lili pambali. Ntchito yake sinali yovuta. Kumbuyo kwa kompyuta kunali timabowo tamitundu, ndipo pulagi iliyonse inali ndi mtundu wa bowo lake: yobiriwira, yakuda, yaolenji. Zonse zinkapita ku sipika yaikulu ija, imene anaiika pansi pa tebulo. Kuchoka pamenepo, sipika iliyonse yaing'ono inali ndi waya wakewake.

Atatu akutsogolo anawandandalika patebulo. Yachinayi anaiika pashelefu ya mabuku. Yachisanu anainyamula ndi manja awiri, n'kukaikhazika pa makina osokera.

Apa m'pamene zinavuta. Anayesa kuyendetsa waya m'mphepete mwa khoma, koma anathera pakhomo la khitchini. Anayesa mbali inayo, kuseri kwa mpando wa agogo, anathera pawindo. Wayayo ankafika pamakina pokhapokha atadutsa molunjika pakati pa chipinda, ndendende podutsa agogo pochoka kukhitchini.

Anathamangira kwa bambo wokonza mawailesi, amene anali ndi kashopu pakona ya msewu. Anawapeza akuwotcherera waya, magalasi ali pansonga ya mphuno.

"Kamphepo! Pang'onopang'ono, undiulutsira timasikuluwu. Kwagwanji?"

Anawafotokozera zonse mpweya uli m'mwamba.

"Masipika sikisi m'kachipinda kaja? Mwatsegula holo ya mafilimu? Agogo ako ndiye aziima pakhomo kudula matikiti?"

"Bambo, si zamafilimu. Amayi akuimba mawa."

Bamboyo anatsitsa magalasi, nthabwala n'kuzisiya. Anatenga kapepala n'kujambulapo.

"Choyamba, mawu a munthu woimba amatulukira kutsogolo kokha. Ukafuna kuti afike kumbuyo, ulowe pamene pali chithunzi cha sipika, udine apa, kuti mawu azituluka m'masipika onse. Ukatero ukhoza kutsitsa ena, kukweza ena. Chachiwiri, waya wakoyo ngwamfupi. Pafunika wina wautali, tilumikize bwinobwino, tikwere naye pamwamba pa chitseko cha khitchini, timukhomerere ndi timisomali take. Wayayo ndilibe, abwera Lolemba. Lolemba madzulo ndidzakukonzera ndekha."

"Lolemba? Koma akuimba mawa!"

"Adzaimbanso."

"Pakatha masabata awiri!"

"Masabata awiri si chaka, mwanawe. Mawa uwamvere kutsogolo, amveka kale bwino. Ndipo usachite zija amachita anthu aulesi, zobisa waya pansi pa kapeti. Wandimva?"

Kamphepo anali asanaganizeko za kapeti. Anabwerera kunyumba akuyenda pang'onopang'ono, koyamba m'moyo wake.

4. "Wabwera?"

Lamlungu agogo anapita kukapemphera, ndipo anati pobwera adzera kuchipatala kukaona mnzawo. Atangokhota pakona, Kamphepo anakoka kapeti yakale imene inkakhala pansi pa tebulo lake, n'kuiyala pakati pa chipinda. Anayendetsa waya pansi pake, molunjika, mpaka pamakina osokera.

Anaimirira n'kuyang'ana. Pakapetipo panatukuka kamzere konga chala. Anakaponda. Anakasisita ndi dzanja. Anaikapo mabuku olemera, n'kuwachotsa. Kamzere kanali pomwepo.

"Ndi lero lokha," anadziuza. "Ikangotha foni ndichotsa."

Anadina mmene bambo aja anamujambulira. Anatsitsa masipika ena onse mpaka pansi, n'kukweza ya pamakina yokha. Kenako anatsegula uthenga wakale wa mawu umene mayi ake anatumiza mwezi watha, anakhala pampando wake, msana kuloza kumakina, n'kudina.

"Mwadzuka bwanji kumeneko? Kuno kwazizira, koma ndili bwino."

Mawuwo anachokera kumbuyo. Anali athunthu, ofunda, ndi kakusasa kaja ka pakhosi kamene kasipika kakale kankameza. Kamphepo sanacheuke. Ankadziwa kuti akacheuka aona nsalu yovundikira makina basi. Anadinanso. Anadinanso kachitatu, kakhumi, mpaka anasiya kuwerenga. Chakudya chamasana anachiiwala.

Sanamve chitseko chikutseguka. Anangomva chikwama chikugwa pansi, kuti phi!

Agogo anali chiimire pakhomo, dzanja lili pachifuwa, nkhope italoza kumakina osokera.

"Wabwera?" anatero ndi mawu aang'ono, osati awo aja a masiku onse. "Mwana wanga wabwera?"

"Ayi, Agogo. Ndi sipika. Ndi uthenga wakale uja."

Agogo anawerama movutikira n'kutola chikwama chawo.

"Zinthu zanu za masiku ano zidzatipha ndi mtima," anatero. Koma sanasunthe. "Tabwereza."

Kamphepo anabwereza. Agogo anamva mawu onse, osafunsa "akuti chiyani" ngakhale kamodzi. Anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango, kenako anakwinya nkhope.

"Nanga waya wake wadutsa pati?"

Mtsikanayo anayankha akuyang'ana pa sikirini.

"M'mphepete mwa khoma."

"Nanga kapetiyi yabwera bwanji pakati pano?"

"Ndimafuna Amayi aone kuti pabalaza pakongola."

"Chabwino," anatero agogo. "Wachita bwino kumvera." Analowa kuchipinda kwawo, kumene kunali mbali yomweyo ya khitchini, kukasintha zovala.

Mawu oti "wachita bwino" anamulemera Kamphepo kuposa kukalipiridwa.

5. Kasanu ndi kanayi

Agogo anali ndi chizolowezi chawo. Foni ikatsala pang'ono, ankawiritsa tiyi n'kubwera naye pathileyi, tipoti yodzaza ndi kapu, kuti mwana wawo aone pa sikirini kuti kunyumba anthu akudya ndi kumwa, asamadandaule.

Folo koloko itakwana, kompyuta inayamba kuitana. Chithunzi cha mayi chinatulukira. Nthawi yomweyo agogo anaonekera pakhomo la khitchini, thileyi ili m'manja, tipoti ikutuluka nthunzi.

"Yankha, ndikubwera!"

Chala cha Kamphepo chinali pa batani. Makutu ake anali kumbuyo. Phazi lamanja linkaponda, lamanzere n'kutsatira likukhwekhwereza silipasi pansi. Kamodzi. Kawiri. Kachitatu, silipasi inakwera pakapeti.

Akanatha kungokhala chete. Mwina phazi likanadutsa. Mwina.

Kachinayi.

"Agogo, imani!"

Anakuwa mwakuti kapu inalira pathileyi. Anadumpha, mpando n'kugwa chagada, anawalanda thileyi n'kuiika pansi patali. Kenako anagwira nsonga ya kapeti n'kuivundukula. Waya wakuda anali gone pasimenti, kutalika kwa chikhatho chimodzi kuchoka pa chala chachikulu cha agogo.

Kompyuta inaitana, inaitana, n'kusiya.

"Ndinakunamizani," anatero Kamphepo, maso ali pansi. "Sanafike m'mphepete mwa khoma. Bambo a mawailesi anati ndidikire Lolemba. Ine ndimangofuna kuti Amayi alankhule ali pamalo pawo."

Agogo anawerama, n'kupapasa wayayo ndi chala.

"Ndi madzi owira m'manja," anatero. "Iwe, ndi madzi owira m'manja! Ukanati chiyani kwa mayi ako? Kuti Agogo apsa, athyoka, koma masipika akumveka bwino? Tamvera. Ukanandiuza kuti, 'Agogo, waya wakana, wadutsa pakati,' ndikanakalipa, inde. Kukalipa ndi ntchito yanga. Koma ndikanadziwa pamene ali, ndikanamulambalala. Waya amene ndikumudziwa sangandigwetse. Wondigwetsa ndi uyu wamufunditsa kapeti, n'kundiuza kuti njira ili bwino. Ine m'nyumba muno ndatsala ndi zinthu ziwiri zoyendera: mapazi angawa ndi mawu ako. Lero unandilanda zonse ziwiri."

Misozi ya mtsikanayo inagwera pasimenti. Kamphepo anagwada kuti azule wayayo.

"Leka," anatero agogo.

Anamasula mpango wawo woyera kumutu, n'kuumanga pakati pa waya, mfundo yaikulu yoti ngakhale maso awo aione. Kenako, m'malo mopita kumpando wawo, anatsata wayayo m'mbali mwake, osamudumpha, mpaka pamakina osokera. Anakoka mpando uja panalibe anakhalapo zaka zitatu. Anaupukuta ndi dzanja, anakhala, n'kutenga kasipika kaja kukaika pamiyendo pawo ngati khanda.

"Ndikhala pompano mpaka ithe. Ikatha uzule, tidikire Lolemba. Ukuganiza kuti ndiwe wekha umacheukira kuno? Ine m'mawa uliwonse ndimapukuta fumbi pa makinawa. Ndani amasokera?"

Kompyuta inayambanso kuitana. Kanali kachiwiri, komaliza.

"Ukudikira chiyani? Lero lokha ndiye wasanduka kamba?"

6. Mawu a kumbuyo

Kamphepo anadzutsa mpando wake, anapukuta nkhope ndi mkono, n'kudina.

Mayi ake anaonekera atavala juzi, atakhala m'kachipinda ka makoma oyera. Anayang'anitsitsa mwana wawo, amene anali atazyolika, mapewa ali pamakutu.

"Wongola msana, iwe."

Mawuwo anachokera kumbuyo, kumakina osokera. Kamphepo anatseka maso. Kwa kanthawi kochepa, kochepa zedi, zaka zitatu zija zinachoka, ndipo ankangodikira kuti makina ayambenso kulira. Anawongola msana.

"Bwanji sunayankhe poyamba? Ndipo m'masomo mwafiira bwanji?"

"Ndikuuzani, Amayi. Masipika afika. Mukumveka ngati muli mommuno."

Mayi anamwetulira, koma maso awo ankafufuza pa sikirini. Pamene agogo anakhala panali pakona, posafika diso la kamera. Chimene mayi ankaona chinali mpando wa agogo wa masiku onse, wopanda munthu, wopanda tiyi.

"Agogo ako sanabwerebe kopemphera? Bola. Tamvera msanga asanafike, nthawi ndilibe. Ndakupezera sukulu kuno, mapepala atuluka. Koma ndi a munthu mmodzi, iwe wekha. Usawauze kaye, udziwa mtima wawo. Ndipeze kaye wokhala nawo."

Mawu onsewo anatulukira pamiyendo pa agogo, omveka bwino, osasowa ndi limodzi lomwe.

"Wandimva? Uli wekha, eti?"

Kamphepo anacheuka. Pakati pa chipinda panali waya uja, pambalambanda, ndi mpango woyera. Kumapeto kwake kunali agogo, atakumbatira kasipika ndi dzanja limodzi. Agogo omwe aja, amene anali atangomaliza kumuuza za zinthu zofunditsidwa kapeti, anakweza dzanja linalo pang'onopang'ono, n'kuika chala pamilomo.

"Mwanawe," anatero mayi, "ndakufunsa. M'nyumbamo uli wekha?"